Oyilo Wakuda wa Pijoti ya a Shaba

Tsiku limene a Kalebe Shaba anapereka makiyi a galimoto yawo kwa mkamwini wawo Pearson, sanapemphe ng'ombe kapena nkhuku. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo atagunda mbuzi ya eni ake pafupi ndi msika wa pa boma, anavomera kuti chiwongolero chawakana. Anatsegula chitseko chakumbuyo cha Pijoti yawo yaitali ija, anapinda mipando, nagona chagada m'menemo, nsapato zili kuphazi, manja pachifuwa. Anthu odutsa mumsewu anaima.

"Waona, mkweni? Ndikukwanamo, ndipo bokosi nalo lidzakwana," anatero ali chigonere. "Ine ku Bulawayo ndinapita pa lole, nditakhalira matumba ngati nkhuku yogulitsa. Ndinabwerako pa galimoto iyi. Tsiku langa likadzafika, kumudzi ku Engutwini ndidzapite pa iyi yomweyi. Osati pa lole. Mbwenu."

Pearson anagwada pafumbi, anawomba m'manja, nalonjeza.

Anali munthu wa ku Ntchisi, amene anabwera kumpoto kudzayendetsa thirakitala m'nkhalango za paini za ku Viphya, n'kukwatira Nesta, mwana wamkazi wa a Shaba. Za injini ankadziwako, koma a Shaba anamuphunzitsa ngati sanaonepo sipanala. Geji yowerenga mamailosi inafa kalekale galimoto isanalowe m'dziko muno, choncho nthawi yosinthira oyilo ankaiwerengera kumwamba ndi m'munda: mvula yoyamba ikagoneka fumbi, komanso anthu akakolola, mphepo yozizira ikayamba kutsika ku Viphya. Azungu amene anapanga galimoto, a Shaba ankatero, analemba mamailosi awo asanalawe fumbi la ku Mzimba. Oyilo ankamukhetsa injini ikadali yotentha, bawuti ya pansi n'kuisiya yomasula usana wonse ndi usiku kuti adonthe mpaka dontho lomaliza. Fyuluta ankaitsuka m'palafini. Dizilo sankalowa m'thanki asanasefedwe m'chipewa chakale cha a Shaba, ndipo m'rediyeta munkalowa madzi amvula okhaokha, a m'diramu la kuseri kwa nyumba. Lamulo lalikulu pa onse linali lakuti oyilo amene watuluka asabwererenso m'injini, ngakhale munthu akugwire pakhosi.

Zaka zinadutsa khumi ndi kuposerapo. Magalimoto atsopano a akuluakulu a boma anabwera, nawolera kuseri kwa maofesi, nkhuku zikuikira mazira m'mipando. Pijoti ya a Shaba inkangoyendabe, ikunyamula akwati, odwala, ndi aphunzitsi osamutsidwa pamodzi ndi mipando yawo. Mwini wake, atakhala pakhonde osaona kanthu, ankaidziwa ikadali kutsidya kwa mlatho, ndipo ankatha kunena ngati mkamwini wachedwetsa oyilo pongomva kulira kwake.

Oyilo wakuda uja sankatayidwa. Tsiku lokhetsa linkadziwika m'dera lonse, ndipo anthu ankabwera m'mamawa ndi zitini zawo: wina wopaka m'mateyala a ngolo, wina wopaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, wina wothira pabala la ng'ombe. Pearson sankagulitsa. Ankangogawa, ndipo pa nthawi yokolola pakhomo pake pankapezeka dzungu kapena mtedza wopanda mwini.

Chaka chija mafuta anasowa m'dziko, nkhondo ya ku Mozambique itasokoneza njanji, a Shaba anagonekedwa m'chipatala cha pa boma. Lachinayi madzulo dokotala anauza Nesta kuti aitane abale. Pearson atamva, anapita kukaima pafupi ndi galimoto. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, anatikita dontho pakati pa zala, nalinunkhiza. Nthawi yosintha inali itapitirira, chifukwa oyilo watsopano sankapezeka m'sitolo iliyonse kuyambira pa boma mpaka ku Jenda. Koma mnzake Goodson, woyendetsa lole ya matabwa, anali atapita ku Lilongwe ndipo analonjeza kubwera ndi chigubu Loweruka. Pearson anaona kuti sizingatheke kuti apongozi ake akwere ulendo wawo womaliza pa oyilo wonga phala. Lachisanu m'mamawa anatenthetsa injini, anakwawira pansi, namasula bawuti. Dzuwa lisanakwere, oyilo anali atagawidwa. Zondwayo wa ngolo anatenga chitini chake. Chitini chachikulu chinapita kwa a Bestone Nyirongo, wapampando wa chipani m'dera lawo, amene ankamanga chisakasa cha misonkhano ndipo ankafuna kupaka nsanamira. M'beseni munatsala pang'ono.

Masana Nesta anabwera kuchokera kuchipatala akuyenda mofulumira koma osathamanga, pakuti masiku amenewo munthu wothamanga ankafunsidwa chimene akuthawa. Anthu amene amati kale kunali bata amanena zoona. Kunali zii, ngati m'nyumba momwe mwalowa njoka. Kumbuyo kwake kunkabwera mchimwene wake Howard, mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi, choko chikadali m'zala.

Analowa m'nyumba pamodzi ndi Pearson, natseka chitseko. Nesta anafotokoza monong'ona. Sabata yatha aphunzitsi anapaka laimu m'chipinda chawo chopumira, ndipo pobwezera zinthu pakhoma Howard anakhoma msomali wa wotchi pamwamba pang'ono kuposa chithunzi cha mtsogoleri. Panalibe chimene chinkaloledwa kukhala pamwamba pa chithunzi chimenecho. Wina anaona, wina anauza wina. Tsopano namwino wina wa ku Dedza, amene mwamuna wake anali wapolisi, anakokera Nesta kumbali namuuza kuti galimoto yochokera kummwera ifika dzuwa lisanalowe, ndipo dzina limene ikubwerera ndi la Howard. Amene ankatengedwa ndi magalimoto amenewo, ena ankabwerako tsitsi litayera, ena ayi.

Pa siteji ya basi panali maso. Njinga sikanafika patali. Koma kupitirira Jenda pang'ono panali tinjira ta anthu a ng'ombe tolowa m'Zambia, ndipo kumeneko kunali azakhali awo.

Nesta ndi Howard anayang'ana pawindo, pamene Pijoti inaima boneti ili kukamwa yasa, pansi pake pakudontha.

Pearson anati galimoto ilibe magazi. Anati oyilo afika mawa ndi Goodson, ndipo Howard akhoza kugona m'nkhokwe usiku umodzi. Nesta anayankha kuti nkhokwe ya mlamu wa Howard ndi malo oyamba amene adzafufuze. Pearson anati oyilo wakale wapita kwa anthu, ndipo ngakhale akanakhalapo, adada Shaba analetsa kumubwezera m'injini. Injini ikafera panjira, anatero, adada adzapita pa chiyani?

"Bambo a Felesta," anatero Nesta kwa mwamuna wake, "adada atsala ndi masiku. Uyu watsala ndi maola."

Howard sanapemphe kanthu. Ankangopukuta choko pa buluku lake, chikubwereranso m'zala.

Pearson anatenga njinga. Kwa Zondwayo sikunavute. Mkuluyo anali atapaka kale mateyala a ngolo ndi nthenga ya nkhuku, ndipo nthengayo inali ikadali m'chitini pamodzi ndi mankhusu a chimanga. Anayang'ana Pearson kumaso, anachotsa nthenga, napereka chitini osafunsa. Kufunsa masiku amenewo kunali kusenza katundu amene sudzatha kumutula.

Kwa a Nyirongo anapeza nsanamira zingapo zitaimikidwa padzuwa, zili bii kumunsi, zikunyezimira. Oyilo anali atapakidwa kale. Mwini nyumba anali pampando wandalema pansi pa mtengo wa mango, baji ili pachifuwa, akusenda nzimbe.

"Odi. Pepani a tcheya, ndabwerera oyilo uja."

A Nyirongo anaseka mpaka kutsamwa. Anaitana mkazi wawo Selina kuti abwere adzamve zodabwitsa: mkamwini wa a Shaba, munthu amene amasefa dizilo ngati tiyi wa abusa, akufuna kudyetsa galimoto masanzi ake. Pearson anasekako pang'ono. Anati adada akuitana mlongo wawo wa ku Jenda, akufuna kumuona maso asanatseke, ndipo palibe njira ina yokamutengera. Bodza limeneli analikonza panjinga, ndipo linatuluka bwino, chifukwa theka lake linali loona.

"Yayi, za matenda sitikana," anatero a Nyirongo. "Anyina mwana, m'patseni munthu oyilo wake."

Selina ananyamula chitini chimene chinali pafupi ndi nsanamira, nazungulira nacho kuseri kwa nyumba, akuti akachipukute. Anachedwa. Pearson anakhala pa chitsa, akumva dzuwa likuyenda pamsana pake, pamene a Nyirongo ankamufunsa za mitengo ya matayala, za mvula, ndiponso ngati kwawo ku Ntchisi anthu amagula makhadi a chipani mwaufulu monga kuno. Kenaka anatafuna nzimbe kwa kanthawi, nalavula.

"Nanga alamu anu aphunzitsi? Wotchi yawo ikuyenda bwino?"

Pearson anati sanawaone sabata yonse. A Nyirongo anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za nyengo.

Selina anabwera, anagwada, napereka chitini ndi manja awiri. Chinali chodzaza mpaka m'milomo, monga momwe chinachokera kwa Pearson m'mawa. Iye anathokoza, nachimangirira pa keriyala. Anali atapalasa mpaka pa mitengo ya bulugamu pamene anazindikira chimene chinkamuvuta. Nsanamira zinali zitapakidwa, koma chitini chinali chodzaza. Ndipo chinkakhuvuka mopepuka, ngati madzi.

Anatsika, natsegula. Fungo la palafini linamumenya m'mphuno. Mayi uja sanachite nkhanza. Kwawo mbale ya mnzako siibwerera yoperewera, ndipo sakanalola kuti pakhomo pa matenda pabwerere chitini chatheka kuchokera m'manja mwake. Anathiramo palafini wa nyale yake, wosowa uja, kuti chidzaze, n'kuvundula bwinobwino ndi kamtengo.

Kunyumba Pearson anayamba ndi oyilo wa m'beseni ndi wa Zondwayo. Anamusefa mu duku wa Nesta, anamanga bawuti, anabwezera fyuluta, nathira. Kachitsulo koyezera kanatuluka kouma, kunsonga kokha n'kumene kunada. Anaima ndi chitini cha a Nyirongo m'manja. Anaviika chala, natikita. Oyilo wabwino amagwira zala, amakana kuti zikhudzane. Uyu ankangotsetsereka, zala n'kumamvana khungu. Nesta ankamuyang'ana ali pakhomo. Pearson anathira chonse.

Injini inadzuka msanga, ngati kuti palibe chimene chachitika. Howard anakhala kutsogolo atavala chipewa chosefera dizilo chija, chigubu chopanda kanthu pamiyendo, kuti aoneke ngati munthu wokasaka mafuta. Nesta anabwerera kuchipatala wapansi. Msewu wotuluka m'boma unkadutsa kufupi ndi mpanda wa chipatala, ndipo pamenepo Pearson anachotsa phazi pa moto kuti galimoto idutse mwakachetechete. Dizilo sadziwa kunong'ona.

Pearson anaiyendetsa pang'onopang'ono, osaikakamiza pa zitunda, akuisiya itsetsereke yokha potsika. Maso ake sankakhala pamsewu. Ankakhala pa kanyali kofiira ka oyilo, kamene kwa zaka zonse zija kankayaka polizira pokha n'kuzima. Howard anayesa kulankhula za ana ake a Sitandade 8, kuti mayeso ayandikira ndipo sanamalize nawo tizigawo. Fumbi linkalowera pansi pa zitseko, ndipo m'galimoto munayamba kumveka ngati m'nyumba momwe nyale yangozimitsidwa.

Asanafike ku Champhira anapeza mtengo utapingasa msewu pa migolo iwiri. Anyamata a chipani a malaya ofiira ankaona makhadi. Kutsogolo kwawo kunali ngolo ndi amayi osenza mitolo, ndipo mmodzi wa amayiwo ankakangana nawo kuti mwana wa kumsana sangakhale ndi khadi. Pearson anaima. Injini itatsika mawu, kanyali kaja kanaphethira. Kanazima, kanaphethiranso, kenaka kanayaka osazima. Kuzimitsa injini ankaopa kuti siidzukanso, kuisiya ikulira kunali kuipala mkati. Anaponda moto pang'ono, kanyali kanazima, ndipo mnyamata wina anatembenuka kuona amene akuwafulumizitsa.

Anabwera akukoka ndodo pansi. Anatenga makhadi awiri, nawatembenuza. Anafunsa kumene akupita, ndipo Pearson anati ku Jenda kukasaka oyilo, nalozera chigubu. Mnyamatayo anawerama, nayang'ana nkhope ya pansi pa chipewa.

"Sala? Ndinu a Shaba?"

Howard anavomera.

"Munandikwapula chomene chifukwa cha ma teyibulo a masamu." Anaima akuganiza, ndodo ikugogoda tayala. Kanyali kanayakanso, ndipo pansi pa boneti panayamba kaphokoso katsopano, kochepa, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo pa chitseko. "Mpaka lero seveni ndimaiwala," anatero mnyamatayo, nabweza makhadi. Anakweza dzanja, ndipo anzake anachotsa mtengo.

Pa Jenda sanaime. Anadutsa sitolo ndi mabasi, ndi anthu oyanika fodya, nakhotera kumadzulo pa kamsewu ka ngolo mpaka pamene kanathera m'dambo. Dzuwa linali litapendeka. Howard anatsika, anavula chipewa, nachiika pampando. Anafuna kunena zambiri, zinkaoneka pakamwa, koma injini inkagogoda ndipo Pearson sakanaizimitsa.

"Yewo, mulamu. Adada mukawauze kuti ndinapita kukalembetsa mayeso."

Anatsata njira ya ng'ombe osacheuka, malaya oyera akuchepa m'tchire mpaka anasowa.

Pobwerera Pearson ankalankhula nayo galimoto, monga ankachitira a Shaba, m'Chitumbuka chake chopindika. Ndapota, chonde, ankatero, tifike pa boma pokha, mawa udzamwa watsopano. Anaima pa mtsinje wina kuti izizire, ndipo atasolola kachitsulo anapeza tinthu tonyezimira ngati mamba a usipa titamatirira kunsonga. Anadziwa kuti chimene akuona ndi chitsulo cha m'kati mwa injini. Anailizabe. Inadzuka monyinyirika, inayenda, inadutsa pa migolo paja anyamata atapita kale. Pa chitunda cha kupitirira Champhira kugogoda kuja kunasanduka kusinja. Kenaka panamveka kulira kumodzi kwa chitsulo, galimoto inagwedezeka ngati ng'ombe yolasidwa, niima. Utsi wabuluu unatuluka m'mbali mwa boneti. Anayesa kupukusa injini ndi sipanala yaikulu, atapondera phazi pa bampala. Sinasunthe ngakhale pang'ono.

Anthu a m'mudzi wapafupi anamuthandiza kuikankhira pansi pa mtengo wa muwanga. Anagona m'menemo, kumbuyo, mipando itapindidwa.

M'mawa lole yoyamba kutulukira kuchokera kummwera inali ya Goodson. Anaima, anatsika akuseka, akunyamula m'mwamba chigubu chatsopano chosatsegula, koma ataona nkhope ya mnzake ndi dziwe lakuda pansi pa Pijoti anachitsitsa. Anagwira injini, anayesa naye sipanala, napukusa mutu. Anati iyi ikufunika kuiphwasula yonse, ndipo zitsulo zake mwina ku Blantyre, mwina kulibe. Pearson anakwera kutsogolo, chigubu chili pakati pa mapazi ake.

Pa boma anamva kulira asanafike pakhomo. Amuna anali atakhala kale panja pa mabenchi a ku tchalitchi, ndipo pakati pawo panali a Nyirongo, chipewa chili pabondo. Anamupatsa dzanja, namupepesa, nafunsa mofatsa ngati azakhali a ku Jenda akubwera m'mbuyo. Pearson anati anawapeza atapita kumunda wakutali. A Nyirongo anati n'zachisoni, ndipo anaonjeza kuti dzulo kunabwera alendo ofuna aphunzitsi, koma anabwerera.

Nesta anamutengera kuseri, pafupi ndi diramu la madzi amvula. Maso ake anafunsa, Pearson anagwedeza mutu kuti Howard wawoloka. Mkaziyo anatsamira khoma. Kenaka anamuuza kuti adada anatsirizika dzuwa likulowa. Masana, anatero, iye asanafike n'komwe pa bedi, odwala anzawo anawaona akudzutsa mutu pa pilo pamene galimoto inkadutsa kumpanda. Anamvetsera mpaka phokoso linatha. Nesta atalowa, adada anamugwira dzanja, namufunsa kuti mkweni wathiramo chiyani. Iye anati sakudziwa. Adada sanafunsenso china.

"Nanga galimoto ili kuti?" anatero Nesta.

"Ku Champhira."

Abale ochokera kumudzi anati thupi silingadikire, kunja kukutentha ndipo manda akumba kale. Goodson anatsitsa matabwa ake pabwalo, anasesa utuchi, nayala mphasa. Amuna anayi anakweza bokosi, amayi anakwera nakhala mozungulira, akugwirira m'mbali. Pearson anakhala kumapazi, chipewa chosefera dizilo chili m'manja.

A Kalebe Shaba anapita ku Engutwini pa lole.